INE SINDINANENE "AMEN"

Acinyamata anzanga, ndiyambe ndi kuulula. Pa msonkhano wathu wina mbale wina anaimirira kutsogolera pemphero. Anapempherera odwala, anapempherera olemba mayeso, ndipo pomaliza anakweza mau napempha kuti Mulungu atsegule nthaka ya Zambia, nafenso tipeze mafuta monga maiko ena, umphawi utithere. Nyumba yonse inagwedezeka ndi "Amen". Ine ndinakhala cete. Potuluka, mlongo wina anandifunsa ngati ndinali kudwala. Sindinali kudwala ai, ndipo ndalemba mau awa kuti ndimuyankhe iye pamodzi ndi inu nonse amene munabvomereza pemphero lija.

Kumene pempherolo linacokera ndikudziwa. Dziko lathu lilibe citsime ca mafuta ngakhale cimodzi. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo tigula kunja, ena abwera pa mathanki, ena adzera m'paipi ya TAZAMA imene iyenda makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Dizilo akakwera mtengo, minibasi ikwera, cigayo cikwera, feteleza akwera. Munthu wotopa ndi zimenezi akapempha citsime cakecake sindingamuseke. Koma m'pemphero lija munabisala bodza, lakuti mafuta pa okha athetsa umphawi. Bodza limeneli lapha anthu, ndipo sindifuna kuti tiliphunzire pa maondo athu m'nyumba ya Mulungu.

Poyamba tidziwe cinthu cimene tili kupempha. Ambiri aganiza kuti pansi pa nthaka pali nyanja ya petulo yongoyembekeza munthu wobwera ndi cidebe. Si tero. Mafuta a m'nthaka ndi zotsalira za tizilombo ndi tomera ting'onoting'ono ta m'nyanja zakale, timene tinakwiririka m'matope ndi kuphikidwa ndi kutentha kwa pansi kwa nthawi yaitali zedi. Akhala m'timibowo ta miyala, monga madzi akhalira m'njerwa yonyowa, ndipo pamwamba pake pali mwala wolimba umene uwatsekera. Okumba akaboola mwala umenewo mafuta akwera. Atuluka akuda, onunkha, osathandiza galimoto kufikira atapita ku fakitale yoyenga, kumene apatula petulo, palafini, dizilo ndi phula la pa mseu. Pogulitsa ayesa ndi mgolo, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159.

Pali zinthu ziwiri zimene mbale wathu wopemphera sanachule. Coyamba, mafuta samera. Cimanga ukakolola ubzalanso, koma citsime cikauma cauma. Caciwiri, mafuta satuluka okha. Abwera pamodzi ndi gasi ndiponso madzi oipa a mcere. Kampani yokumba iyenera kusankha cocita ndi gasiyo ndi madziwo. Ingathe kumubwezera pansi gasiyo, kapena kumugwira ndi kupangira magetsi, koma zonsezo zidya ndalama. Njira yochipa ndiyo kungomuyatsa moto pomwepo, ndi kutayira madziwo m'mtsinje. Paipi ikakalamba, njira yochipa ndiyo kuisiya kufikira itaphulika. Kampani si mpingo, inabwerera phindu. Cimene cingailetse kutsata njira yochipa ndi lamulo, ndi munthu wosaopa amene agwira lamulolo.

Tsono tiyeni ku Nigeria, kumene pemphero longa lathuli linayankhidwa kale. M'caka ca 1956 kampani ya Shell-BP inapeza mafuta pa mudzi wa Oloibiri, m'dera la madambo ndi timitsinje kumene mtsinje wa Niger ugawikana polowa m'nyanja. Mu 1958 zombo zinayamba kunyamula mafutawo kupita kunja. Patapita zaka monga makumi awiri zitsime za Oloibiri zinaleka kutulutsa, kampani inasamukira kwina, ndipo mudziwo unatsala ndi citsulo ca dzimbiri pa kamwa la citsime coyamba. Nigeria anakhala mmodzi wa maiko otulutsa mafuta ambiri koposa mu Africa, komabe kwa zaka zambiri anali kugula petulo kunja cifukwa mafakitale a boma oyenga mafuta anali atafa. Mizere ya magalimoto pa malo omwetsera petulo inali kutalika m'dziko limene mafuta anali kutuluka pansi usana ndi usiku.

Mwina mudzati kumeneko kunalibe malamulo. Analiko, ndipo apa ndi pamene ndifuna kuti mucherepo khutu. Mu 1979 Nigeria anakhazikitsa lamulo loletsa kuyatsa gasi pa zitsime, ndi kupatsa makampani nthawi kufikira pa 1 January 1984 kuti aleke. Koma m'lamulo lomwelo anasiyamo kakhomo: nduna inali ndi mphamvu yolola kampani kupitiriza kuyatsa ngati ilipira faindi. Faindiyo inali yocepa kwambiri, kotero kuti kulipira kunali kochipa kuposa kuleka. Makampani anawerenga masamu ao nasankha kulipira. Mu 2005 khoti lalikulu la boma mu mzinda wa Benin linaweruza kuti kuyatsa gasi pafupi ndi midzi kuphwanya ufulu wa anthu wokhala ndi moyo. Moto sunazime. Tsiku lomaliza lakhala lisunthidwa kambirimbiri, ndipo caka ndi caka pa mndandanda wa World Bank wa maiko khumi oyatsa gasi wambiri, dzina la Nigeria silisowa. Kuli ana amene anabadwa, nakula, nakwatira, osaonapo mdima weniweni wa usiku pa mudzi pao cifukwa ca malawi amene alira ngati ndege kuseri kwa nyumba.

Cifukwa ciani boma silinagwire makampani pakhosi? Yankho lili m'magawo. Pa mgwirizano waukulu wokumba mafuta pa mtunda, kampani ya boma ya NNPC inali ndi magawo 55 pa 100, Shell 30, ndipo otsalawo anali a makampani a ku France ndi ku Italy. Kunena kwina, amene anayenera kulanga woyatsa gasi ndiye anali mwini wamkulu wa citsime. Kugula makina ogwirira gasi kukanatanthauza kuti boma litulutse ndalama zoposa theka. Kutseka citsime kukanatanthauza kutseka mpopi umene unali kudzaza thumba la boma. Kwathu kuno palibe mlimi amene aika nyani kukhala mlonda wa munda wa cimanga, ndi kudabwa pokolola. Ndiponso lamulo la 1969 linanena kuti mafuta onse ndi a boma, ndipo la 1978 linaika nthaka m'manja mwa abwanamkubwa a zigawo. Mwini munda anatsala ndi ufulu wolipidwa pa cinangwa cimene cazulidwa, basi.

Onani mmene zinali kucitikira mafuta akataika. Lamulo linati ngati paipi yaphulika cifukwa ca kukalamba kapena kusasamala, kampani ilipire anthu. Koma ngati yabooledwa ndi akuba, anthu salandira kanthu. Motero mlandu wonse unagona pa pepala limodzi, lolembedwa ndi kagulu kopita kukaona malowo. Koma bungwe la boma loyang'anira za kutaika kwa mafuta, limene linakhazikitsidwa mu 2006, linalibe njira zakezake zofikira m'madambomo. Lipoti la bungwe la United Nations loona za cilengedwe, UNEP, la mu 2011, linapeza kuti oyang'anira a boma anali kudalira makampani omwewo kuti awanyamule kupita kumalo a ngozi. Taganizani wapolisi amene apita kukafufuza mlandu atakwera galimoto ya woimbidwa mlandu, nabwerera pa galimoto yomweyo. Kodi adzalemba ciani?

Lipoti lomwelo linafufuza dziko la mtundu wa Ogoni, kadera kakang'ono ka kum'mawa kwa mzinda wa Port Harcourt. Pa malo ochedwa Nisisioken Ogale anapeza mabanja ali kumwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene, mankhwala oyambitsa khansa, wocuruka kuwirikiza 900 kuposa muyeso wa bungwe la zaumoyo la WHO. Pamwamba pa madzi a pansi panali kuyandama mafuta ocindikala masentimita 8. UNEP inati kuyeretsa dziko la Ogoni kungatenge zaka 25 kufikira 30, ndipo pangafunike madola 1 biliyoni ongoyambira. Dziwani kuti kukumba mafuta ku Ogoni kunali kutaima kale mu 1993. Phindu linapita, poizoni anatsala.

Pa mudzi wa asodzi wa Bodo paipi inaphulika kawiri mu 2008, mafuta nathira m'madambo kwa milungu yambiri. Nsomba zinafa, mitengo ya m'madzi imene nsomba ziswaniramo inauma. Cipepeso coyamba cimene mudzi wonse unalonjezedwa cinali mapaundi 4,000. Anthu anakana, napita ndi mlandu ku London, ndipo mu January 2015 Shell inabvomera kulipira mapaundi 55 miliyoni. Werengani manambala awiriwo kaciwiri. Mafuta otaika anali omwewo, asodzi anali omwewo. Cimene cinasintha ndi bwalo la milandu limene kampani inali kuliopa.

Alipo amene adzati, "Izi ndi ndale, magazini ya mpingo ilembe za cipulumutso." Abale, tsegulani 1 Mafumu mutu 21. Naboti anali ndi munda umene mfumu Ahabu anaukhumbira. Naboti anakana kugulitsa colowa ca makolo ake. Yezebeli sanatume acifwamba usiku, anatsata dongosolo. Analemba makalata, anaitanitsa bwalo, anapeza mboni ziwiri zonama, ndipo Naboti anaponyedwa miyala monga mwa ciweruzo. Mulungu sananene kuti nkhani ya minda ndi ya ndale. Anatuma Eliya kukakumana ndi mfumu m'munda momwemo.

Ken Saro-Wiwa anali wolemba mabuku ndi masewero a pa wailesi ya kanema, mwana wa mtundu wa Ogoni. Mu 1990 iye ndi anzake anayambitsa gulu la MOSOP, kupempha kuti a Ogoni alandireko gawo la cuma ca nthaka yao, ndi kuti madzi ao aleke kuipitsidwa. Pa 4 January 1993 anthu pafupifupi 300,000 anayenda mwamtendere. Mu May 1994 akuluakulu anai a Ogoni anaphedwa ndi gulu la anthu okwiya pa msonkhano, imfa yoipa imene sitiyenera kuiiwala. Saro-Wiwa sanali pamalopo, koma boma la asilikali la Sani Abacha linamugwira, nilimuika pa bwalo lapadera lopanda apilo. Pambuyo pake mboni zina zinalumbira kuti zinapatsidwa ziphuphu kuti zimunamizire. Pa 10 November 1995 iye ndi anzake asanu ndi atatu anapacikidwa ku Port Harcourt. Nigeria anaimitsidwa m'bungwe la Commonwealth. Shell yakhala ikana kuti inatengako mbali pa imfa zimenezi. Mu 2009 inalipira madola 15.5 miliyoni kuthetsa mlandu ku New York, osabvomera kulakwa. Mu June 2025 Pulezidenti Bola Tinubu analengeza kuti anthu asanu ndi anai aja akhululukidwa. Abale ao anayankha kuti munthu wosalakwa sakhululukidwa, ayenera kuyeretsedwa dzina. Ife a m'mpingo, amene tidziwa tanthauzo la cikhululukiro, tiyenera kukhala oyamba kumva kulemera kwa yankho limenelo.

Ena adzati anthu a kumeneko adziononga okha, pakuti ndiwo aboola mapaipi. Pali coonadi m'menemo, ndipo sindicibisa. Kuba mafuta kulipo, ndipo anyamata amene aphika mafuta akuba m'migolo m'chire aipitsa madzi ndi mpweya koopsa. Ambiri apsa ndi moto. Kuba ndi chimo ngakhale wobedwayo ndi wolemera. Koma funsani kuti mnyamata amene atate ake anali msodzi anayamba liti kuboola paipi. Funsaninso kuti zombo zimene zinyamula mafuta akuba kupita kunja ndi za yani, pakuti mnyamata wa m'mudzi alibe combo. Ndipo kuba sikufotokoza malawi a gasi, amene sayatsidwa ndi mbala. Lamulo latsopano la mafuta la 2021 linalamula makampani kupereka 3 pa 100 ya ndalama zoyendetsera nchito zao ku thumba la midzi yozungulira, cinthu cabwino ndithu. Koma lomwelo linati paipi ikaonongedwa, mtengo wokonzera ucotsedwe pa thumba la mudzi. Agogo osauka alipira mlandu wa mbala imene sanaione.

Mau amene andikwiyitsa koposa ndi awa: "Mukalimbitsa malamulo, obweretsa cuma adzathawa." Tawamva pa wailesi, tawamva kwa anthu ophunzira obvala mataye. Dziko la Norway linapeza mafuta pansi pa nyanja mu 1969, patapita zaka 13 kucokera pa Oloibiri. Mu 1971 nyumba yao ya malamulo inagwirizana mfundo zoyendetsera cumaco, ndipo imodzi inali yoletsa kuyatsa gasi wacabecabe. Mu 1972 anapatula nchito: kampani ya boma yocita malonda payokha, bungwe loyang'anira palokha. Msonkho wao pa phindu la mafuta ndi 78 pa 100. Mu 1990 anakhazikitsa thumba losungiramo ndalama za mafuta kaamba ka ana osabadwa, ndipo lakula kukhala limodzi la matumba akulu koposa pa dziko lapansi. Kodi makampani anathawa? Sanathawe. Shell yomweyo yagwira nchito ku Norway zaka zambiri, motsata malamulo a kumeneko. Mafuta alibe miyendo. Wowafuna adzabwera kumene ali, ndipo adzasunga mwambo umene apeza pa khomo. Akapeza pa khomo palibe mwambo, adzacita monga afunira.

Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Musaganize kuti Nigeria ali kutali. M'zaka za m'ma 1980 anakumba zitsime zofufuzira m'cigwa cathu ca Luangwa osapeza mafuta ogulitsa, ndipo kufuna sikunathe: tili ndi lamulo la kufufuza ndi kukumba mafuta la 2008, ndipo dziko linagawidwa m'zigawo zopatsa makampani malaisensi. Tilibe mafuta, koma tili ndi mkuwa, ndipo mayeso amene Nigeria analephera ife talemba kale. Anthu 1,826 a m'midzi ya ku Chingola anadandaula kuti mgodi wa Konkola Copper Mines unaipitsa mitsinje ndi minda yao. Boma lathu linali ndi gawo m'mgodiwo kudzera mu ZCCM-IH. Anthuwo anakasuma ku England, ndipo mu April 2019 khoti lalikulu koposa la kumeneko linalola kuti kampani ya Vedanta, mwini wamkulu wa mgodiwo, iyankhe mlandu ku London. Cimodzi ca zifukwa cinali cakuti alimi osauka otere sakanatha kupeza cilungamo cokwanira kuno kwao. Mau amenewo ayenera kutipatsa manyazi. Mu February 2021 khoti lomwelo linatsamira pa ciweruzo ca anthu a ku Chingola polola a ku Ogale ndi a ku Bille ku Nigeria kusumira Shell ku London. Alimi a ku Copperbelt anatsegulira khomo anthu akumwa benzene aja, ngakhale sanaonanepo.

Ndipo pa 18 February 2025 damu la zonyansa za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi nalowa m'mtsinje wa Mwambashi ndi kutsikira mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, minda inapsa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Damu siligumuka tsiku limodzi. Linamangidwa ndi cilolezo, ndipo panali anthu olipidwa kuti aziliyendera. Ngati ulonda wathu uli wotere pa mkuwa, umene taukumba zaka pafupifupi zana limodzi, ndi cifukwa ciani tikhulupirira kuti udzakhala wina pa mafuta, m'cigwa ca Luangwa cimene cimwetsa anthu, ng'ombe ndi njobvu?

Mbale wanga wopemphera, sindinakutsutse pamaso pa anthu tsiku lija, ndipo sindikuletsa kupempherera dziko. Ndikupempha kuti pa msonkhano wotsatira ubwere, tikhale pansi ndi anzathu, ticite nchito imene magulu athu saikonda cifukwa ilibe ng'oma ndi makorasi. Pakati pathu pali aphunzitsi, anamwino, ophunzira za malamulo ndi za migodi. Mmodzi apeze lamulo la mafuta la 2008, atiwerengere m'Cinyanja. Wina apeze malipoti a EITI, m'mene mulembedwa ndalama zimene makampani a migodi anena kuti analipira ndi zimene boma linena kuti linalandira. Kampani isanayambe nchito yaikulu, lamulo lifuna kuti ipereke ku bungwe la ZEMA lipoti la mmene nchitoyo idzakhudzira madzi, nthaka ndi anthu, ndipo anthu a pamalopo ayenera kufunsidwa. Misonkhano yotere kawirikawiri ikhala ndi amfumu, akuluakulu a boma ndi mabotolo a zakumwa. Acinyamata a mpingo, amene tidzaza basi yonse kupita ku mpikisano wa makwaya, sitionekako.

Tikapitako tifunse mafunso osabvuta kumva. Mgwirizano umene boma lasaina ndi kampani uli kuti, ndipo tingauwerenge? Lamulo la 2023 lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma litilola kuupempha. Woyang'anira ali ndi galimoto yakeyake ndi zida zakezake zopimira madzi, kapena adzakwera ya kampani? Faindi ya kuipitsa mtsinje ndi yaikulu kuposa mtengo wa kusamala, kapena ndi yocepa? Ndalama zoyeretsera malo citsime cikauma zasungidwa kuti, ndipo zasungidwa nchito isanayambe kodi? Funso lomalizali si lopeka. Mu March 2025 Shell inamaliza kugulitsa kampani yake ya pa mtunda ku Nigeria kwa gulu la makampani lochedwa Renaissance, pamodzi ndi mapaipi okalamba aja, pamene mlandu wa anthu a ku Ogale ndi a ku Bille unali usanathe ku London.